Kabanga kaja sikanali fumbi

Mwezi watha ndinafunsa za kabanga kowala pambali pa mlalang'amba wotchedwa M51 pa chithunzi changa cha kuthambo, ndikuyesa fumbi pa lenzi. Munanena zoona abale, si fumbi ayi. Ndi NGC 5195, mlalang'amba waung'ono umene katswiri wa zakuthambo Pierre Méchain anauona mu 1781, ndipo mkono wa M51 umaufikira ngati mayi wogwira mwana dzanja.

Loweruka ndinapita ku Bembeke, poti kuno pa boma phiri la Dedza limanditchingira kumpoto, chikhalirecho M51 sakwera kumwamba kufika madigiri 30. Kuzizira kwake, zala kuchita kuuma gwa! Mame ananyowetsa lenzi mpaka ndinaikulunga ndi sokosi. Nditaphatikiza zithunzi 60 za masekondi 30 pa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Siril, kamlatho kolumikiza awiriwa kanaoneka, ngakhale mozilala.