Kodi Lieutenant tingamutchule kuti "wachiwiri"?

Womasulira: Akuluakulu, ndithandizeni. Pomasulira nkhani za asilikali, Lieutenant ndizilemba kuti "wachiwiri"? China chondizunguza mutu: Major ndi wamkulu kuposa Lieutenant, nanga bwanji Lieutenant General ali pamwamba pa Major General?

Wazamalilime: Mawuwa anachokera ku Chifalansa: lieu ndi malo, tenant ndi wogwira. Ndiye kuti munthu wogwirizira malo a mkulu wake akachokapo. Kalelo Lieutenant ankaimirira Captain, Lieutenant Colonel ankaimirira Colonel, Lieutenant General nayenso General. Koma lero lililonse mwa amenewa ndi udindo woima pawokha. Lieutenant amatsogolera platoon, asilikali ngati 30. Lieutenant Colonel ndiye mwini wake wa battalion yonse (gulu la asilikali mazana angapo), sakhala wachiwiri kwa munthu m'menemo. Mukangolemba "wachiwiri", womvera adzafunsa kuti wachiwiri kwa yani, ndipo yankho silidzapezeka. Lisiyeni dzinalo momwe lilili, kenaka fotokozani ntchito yake: "Lieutenant Colonel amene amatsogolera gululi".

Wa_ku_Zomba: Za funso lachiwirilo, achimwene, Major General ndi dzina lodulidwa. M'zaka za m'ma 1600 ku England ankati Sergeant Major General, ndipo anali pansi pa Lieutenant General. Liwu loti Sergeant linagwa panjira, koma mpando sunasinthe. Kuyambira pansi amatsatana chonchi: Second Lieutenant, Lieutenant, Captain, Major, Lieutenant Colonel, Colonel, Brigadier, Major General, Lieutenant General, General. Pa dongosolo la ku Britain, Second Lieutenant amavala nyenyezi imodzi paphewa, Lieutenant ziwiri, Captain zitatu. Samalani ndi asilikali apamadzi: kumeneko Lieutenant amafanana ndi Captain wapamtunda.

Mayi_Mkonzi: "Wachiwiri kwa" musungireni Deputy, monga wachiwiri kwa mkulu wa apolisi. Acting ndi "wogwirizira". Awiriwa amasokonezedwa kawirikawiri, pomwe wachiwiri ali pa udindo wake wokhazikika, wogwirizira akungosunga mpando wa wina mpaka mwini wake atapezeka. Captain nayenso musamulembe kuti kapitawo. Zoona, mawuwo ndi pachibale, liwu loti kapitawo tinalitenga ku Chipwitikizi, koma kwathu kuno kapitawo ndi woyang'anira antchito ku esiteti ya fodya kapena tiyi. Powerenga pa wailesi nenani "leftenanti" monga Angerezi; "lutenanti" ndi katchulidwe ka ku America.