Persuasive kapena argument: ana a Grade 7 ndiwaphunzitse chiti?

Nambewe: Aphunzitsi anzanga amene muli ku America kuno, ndithandizeni nzeru. Kalasi ndi Grade 7 ya English Language Arts, ku state yomwe imatsata Common Core, miyezo ya zimene ana ayenera kuphunzira m'kalasi iliyonse. Mabuku akale a pasukulu akuti "persuasive essay" ndi "thesis statement", pomwe rubric (ndondomeko yochongera) ya district ikuti "argument", "claim" (mfundo imene wolemba akuimira) ndi "counterclaim" (mfundo ya otsutsa). Kodi ndi chimangirizo cha mtsutso chomwe chija cha kumudzi, angochisintha dzina, kapena kaphunzitsidwe n'kosiyanadi? Ndiyambire pati?

Gondwe: Madamu, si dzina lokha ayi. Common Core itatuluka mu 2010, Writing Standard 1 inagawa chonchi: kuyambira Kindergarten mpaka Grade 5 mwana amalemba opinion, Grade 6 mpaka 12 amalemba argument. Mu persuasive mwana ankaloledwa kukopa wowerenga ndi chilichonse, kaya kumumvetsa chisoni, kaya kumuopseza. Mu argument chogoletsa malikisi ndi umboni ndi kulongosola kwake. Mwana akalemba kuti "aliyense akudziwa kuti homuweki ndi yoipa", sananene kanthu.

Onaninso makwerero ake. Grade 6 ndi claim, zifukwa ndi umboni basi. Grade 7 mwana angovomereza kuti mbali inayo ilipo. Grade 8 asiyanitse maganizo ake ndi a otsutsawo. Kufotokoza mbali zonse ziwiri mwachilungamo, mphamvu ndi zofooka zake, n'kwa Grade 9 ndi 10. Choncho ana anuwo musawalemetse ndi ndime yathunthu yoyankha otsutsa, pokhapokha rubric itanena choncho. Ziganizo ziwiri zakwana.

Mayi Chisale: Ndiwonjezere za m'kalasi. Musayambe ndi funso lakuti "inu mukuganiza bwanji?" Mwana akasankha mbali asanawerenge, amangotola zomukomera. Yambani ndi nkhani ziwiri zazifupi, tsamba limodzi iliyonse, pa mutu umodzi. Nthawi yolowera m'kalasi ndi mutu wabwino chifukwa umboni ulipo: mu 2014 American Academy of Pediatrics inalangiza kuti middle school ndi high school zisamayambe 8:30 isanakwane, ndipo California inakhazikitsa lamulo lake lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Nkhani inayo ikambe za mabasi, masewera a masana ndi makolo olawirira ku ntchito. Ana adule mizere ndi mitundu iwiri ya cholembera, uwu wogwirizana, uwu wotsutsa. Claim ibwere pambuyo.

Pamene ambiri amagwa ndi pa reasoning. Mwana amakopera chiwerengero cha maola ogona, kenako n'kubwereza claim yake ija, kuganiza kuti walongosola. Chasowa ndi chiganizo chomanga ziwirizo: kugona pang'ono kukukhudza bwanji nthawi ya belu? Stephen Toulmin mu 1958 anachitcha warrant. Mphunzitsi wa sayansi amene akugwiritsa ntchito CER (Claim, Evidence, Reasoning) amachitcha reasoning, mabuku ena amati commentary. Chinthu n'chimodzi. Gwirizanani ndi anzanu a Grade 7 pa liwu limodzi, apo ayi ana aziganiza kuti akuphunzira zinthu zitatu.

Nambewe: Zikomo kwambiri amayi. Nanga thesis statement ija ndiitaye?

Mayi Chisale: Musaitaye. Mu argument, thesis ndiyo claim yaikulu ya chimangirizo chonse. Kungoti chimangirizo chofotokoza nachonso chimakhala ndi thesis, pomwe claim iyenera kukhala yoti munthu wanzeru zake angathe kuitsutsa. "Achinyamata amafunika tulo" palibe angakane, ndiye si claim. "Sukulu yathu iziyamba 8:30" ndiyo claim.

Mbewe: Ine a Gondwe ndikutsutsaniko pang'ono. Mpanda wa pakati pa persuasive ndi argument anthu amaukweza mopitirira. Ndondomeko ya 2011 ya NAEP (mayeso a dziko lonse la America), imene Common Core yomweyo inatsamirapo, imanenabe kuti "to persuade": 35 peresenti ya zolemba pa Grade 8, 40 peresenti pa Grade 12. Mwana wosaganizira amene akumuwerenga amatulutsa chimangirizo chouma, umboni uli mbwee koma chosagwira mtima. Komanso Madamu fufuzani bwino za state yanuyo. Texas ndi Virginia sanalowe n'komwe mu Common Core, Indiana inatuluka mu 2014, Florida inabweretsa miyezo yakeyake ya B.E.S.T. mu 2020. Pezani rubric ya mayeso a state ndi zimangirizo zochongedwa kale zomwe amatulutsa, mawu amene ali pamenepo ndiwo mupachike pakhoma.

Gondwe: Za wowerengazo ndavomera achimwene. Koma kwa ana a zaka 12 umboni utsogole, zokometsera zibwere pa draft yachiwiri.