Thandizeni: E1 ikukana kudzuka pa rauta, fiber nayonso yandiimitsa mutu

Akuluakulu, zikomo. Ndapatsidwa ntchito yolumikiza rauta (chida cholumikiza manetiweki) ya Cisco ISR 4331 pa ofesi ina, ndipo lero ndi tsiku lachitatu ndikungozungulira pamodzimodzi.

Ndiyambe ndi matelefoni, omwe akubwera pa E1 (njira imodzi yonyamula mizere 30 ya foni), poti ndi amene andisowetsa tulo. Ndaika mu rautamo khadi la E1, NIM-1MFT-T1/E1, lokhala ndi PVDM4 (kachipangizo kokonza mawu a foni), ndalemba malamulo awa: card type e1, framing crc4, linecode hdb3, clock source line, komanso switch-type primary-net5. Koma lamulo lofufuzira la show controllers e1 likungonena kuti loss of signal (palibe siginolo yomwe ikufika). Kabokosi ka kampani yamatelefoni kali ndi timabowo tiwiri ta BNC, ta 75 ohm, pomwe khadi langa ndi la RJ-48C, la 120 ohm. Ndinagula balun (kachipangizo kolumikiza mbali ya 75 ohm ndi ya 120 ohm), inde, koma chingwe chapakati ndinangotenga cha netiweki wamba chomwe chinali m'kabati (ulesi, ndavomera). Kodi pamenepa pakufunika chingwe chopingasa, mapini 1 ndi 2 kupita ku 4 ndi 5? Kapena ndingosinthanitsa zingwe ziwiri za coax zolowa mu BNC kaye? Ndipo ngati a kampani yamatelefoni anaika no-crc4 m'malo mwa crc4, zingabweretse loss of signal, kapena limenelo ndi vuto lina lomwe ndikumane nalo kutsogolo?

Za fiber ndi zachidule. Andikokera ulusi umodzi wokha, single-mode, wamutu wa SC. SFP yanga (kachipangizo kolowetsera fiber mu rauta) ndi GLC-LH-SMD, ya 1310 nm, yofuna ulusi uwiri wa LC. Ndikuganiza kuti ndigule BiDi (SFP yotumiza ndi kulandira pa ulusi umodzi), koma ndidziwa bwanji kuti yanga ikhale yotumiza pa 1310 kapena pa 1490?

Abwana akufuna mizere yonse 30 ilire Lolemba. Amene munagwirapo zotere, ndiyambire pati?