Maprawns ndi nkhanu mumphika umodzi, anthu 30

Funso: Abale, paphwando la anthu 30 kuno ku Lusaka, maprawns (tinyama ta m'madzi tokhala ndi chigoba ngati nkhanu), nkhanu, mbatatesi ndi chimanga ndigule zochuluka bwanji? Nanga choyamba kulowa mumphika n'chiyani?

Yankho 1: Amayi, pezani mphika wa malita 60, muthire madzi malita 25, mchere theka la kilo, anyezi, adyo, tsabola ndi mandimu 10 odula pakati. Mbatatesi zing'onozing'ono makilo 6, chimanga chachiwisi 15 choduladula, soseji makilo 3, maprawns makilo 6, nkhanu makilo 4. Zamasamba kaguleni ku Soweto Market. Madzi akabwata, yambani ndi mbatatesi ndi chimanga, chifukwa chimanga chathu choyera chimachedwa kufewa. Pakatha mphindi 15 ikani soseji, kenako nkhanu kwa mphindi 8. Maprawns ndi omaliza, mphindi 3 basi. Mukapitirira amalimba ngati labala.

Yankho 2: Ndiwonjezere za moto. Mbaula imodzi siingabwatitse madzi ochuluka chonchi msanga. Gwiritsani gasi kapena nkhuni pamafuwa. Maprawns amabwera oundana, choncho asungunuke mufiriji usiku wonse, osati padzuwa. Mukawaponya ali oundana madzi amazirala, nthawi yonse imasokonekera. Mukaphula, zisiyeni mumsuziwo mphindi 10 kuti mchere ndi tsabola zilowerere, muthiremo ayezi pang'ono zisapsererenso.

Yankho 3: M'malo mwa nkhanu, crayfish (kanyama kofanana ndi maprawns koma kokhala ndi zopanira ngati nkhanu) ya ku nyanja ya Kariba imachita bwino, mphindi 5. Yofa isanaphikidwe, yonunkha, tayani. Funsaninso alendo anu, ena zakudyazi zimawawenga.