Mazenera a PVC m'mafelemu akale a matabwa, zingatheke?

Mayi wa ku Kalimbuka:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Nyumba yathu ndi yakalekale, inamangidwa Zomba akadali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mafelemu ake ndi a mkungudza ndipo ambiri akadali gwa, koma zotsekera zinatheratu. Magalasi akugwedera, putty (phala lomatira magalasi) inayoyoka, nthawi ya chiperoni ana amagona atavala majuzi. Mvula ikabwera ndi mphepo kuchokera kuphiri, madzi amalowa mpaka kunsi kwa bedi. Ndikufuna mazenera a PVC (pulasitiki yolimba) koma kugumula khoma ayi. Kodi n'zotheka kuchotsa zotsekera zokha n'kulowetsa zenera latsopano m'felemu yakaleyo? Mmisiri wina akuti tizule zonse, koma ine kutaya mkungudza mtima sukulola.

Kalipentala wa ku Chinamwali:
Mayi, zimatheka ndithu, bola felemuyo ikhale yamoyo. Musakhulupirire penti. Tengani screwdriver mubaye thabwa lam'munsi, makamaka m'makona momwe madzi amadikha. Ikalowa ngati mukubaya mbatata yophika, thabwalo lawola, lisinthidwe kaye. Mugogodenso m'mbali, likamveka phwephwe ndiye kuti chiswe chinadya mkati.

Poyeza ndi pomwe anthu amalira, chifukwa mazenerawa amawadula pa muyeso womwe mwapereka ndipo simungawapale ngati thabwa. M'lifupi yezani patatu: pamwamba, pakati ndi pansi. M'litali chimodzimodzi. Mutenge muyeso wochepetsetsa, muchotsepo mamilimita 6 mpaka 10. Kenako kokani tepi kuchokera kona yam'mwamba kufika kona yam'munsi ya mbali inayo, muteronso kwinako. Miyeso iwiriyo ikasiyana kwambiri, felemu inapendama, zomwe sizachilendo m'nyumba zakale za kuno. Zenera latsopano lisatsatire kupendamako. Liimitseni ndi levulo, mulitchinjirize ndi timatabwa topyapyala m'mipata, ndiye muzimanga ma screw. Osamanga mwamphamvu. PVC imafutukuka ikatenthedwa, mukaipanikiza imapindika ndipo m'mwezi wa October zenera lidzakana kutseka.

Mpata wotsala ikani foam (thovu lopopera lomwe limauma n'kutseka mipata), koma mufunse yosafufuma kwambiri, inayo imakankha felemu. Kunja mumate silicone. Chonde, kumunsi kwa zenera kuli timabowo totulutsira madzi, mmisiri asatimate poganiza kuti akukuthandizani. Thabwa lam'munsi nalo likhale lotsetserekera kunja.

Bambo wa ku Matawale:
Akalipentala anena zoona. Ine ndiwonjezere za ma burglar bars. Asakhomedwe pa PVC, wakuba angozula ndi chitsulo. Alowe m'khoma kapena m'felemu ya matabwayo, ndipo ngati akufunika kuwotcherera, ntchitoyo ithe zenera lisanabwere, chifukwa moto wothetheka umaboola pulasitiki ndi kusiya timadontho pagalasi tosachoka. Muonenso kuti zenera likamatseguka silikugunda zitsulozo. Pogula funsani ngati mkati mwake muli chitsulo cholimbitsa komanso ngati PVC yake ndi yopirira dzuwa. Yotchipa imasanduka yachikasu n'kuyamba kuthetheka.

Za chiswe, musapake oilo wakuda wa galimoto monga timachitira pa mitengo ya denga. Silicone sagwira pamafuta. Pakani mankhwala a matabwa, aume bwinobwino, kenako penti.

Mphunzitsi wopuma wa ku Mpondabwino:
Mwana wanga, ine ndisiyaneko nawo pang'ono. Felemu ikalowa mkati mwa felemu inzake, galasi limachepa mbali zonse zinayi. Nyumba za kuphiri kuno ndi zamdima kale chifukwa cha mitengo ndi makhonde aakulu. Komanso mazenerawa amatseka ndithu osasiya kampata, ndiye m'dzinja mukamatseka usana wonse makoma amachita nkhungu. Bwanji osafunsa mtengo wa zotsekera zatsopano za mlombwa, muyerekeze? Mukasankhabe PVC, yambani ndi mbali yomwe mvula imamenya, muone dzinja limodzi. Ndipo popala penti yakaleyo nyowetsani kaye, ana akhale kutali, penti zamakedzana zina zinali ndi mtovu woopsa uja wotchedwa lead.

Mayi wa ku Kalimbuka:
Zikomo nonse. Ndabaya monga mwanenera akalipentala. Kuchipinda kwa ana thabwa lam'munsi lafewa pakona imodzi, kwina konse kuli bwino. Tiyambira kumeneko. Funso lina: pakona yofewayo tingadule n'kulumikiza chidutswa, kapena lichoke thabwa lonse?

Kalipentala wa ku Chinamwali:
Lichoke lonse, mayi. Polumikizapo ndi pomwe madzi adzayambirenso kulowa, ndipo zenera likakhala pamwamba pake simudzaona mpaka litawola. Ikani mlombwa wouma bwino, osati paini.