Akuti filimu yathu ndi yabodza, ndidule kapena ndisiye?

Wosatchula dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Anthu a mafilimu thandizeni mutu waima. Ine ndi anzanga tikujambula kafilimu kakafupi ka noir (mafilimu aja a zaupandu odzaza mdima ndi mithunzi), wapolisi wochotsedwa ntchito akusaka amene anapha mchemwali wake. Ndinamugulira chijasi chachitali pa kaunjika ndi chipewa, ndalama yanga ndekha palibe anasonkhako, ngakhale msuweni wanga amene anabwereka tripod n'kubweza yothyoka mwendo mpaka lero sanapepese koma nsima amadya kwathu. Ndiye pali poti ekita akumenya anthu 6 mu kanjira usiku, mvula ya paipi ikugwa, chipewa osagwa. Wa editing wakana, akuti palibe angakhulupirire munthu kuvala chijasi mu Okutobala kutentha kwake kuno, akuti tidule. Iyeyo naye amabwera mochedwa komanso ndi amene anafufuta mafayilo a tsiku loyamba. Bebi wanga ataona anaseka mpaka misozi zinandiwawa heve. Ndipange bwanji?

Mdala wa Vidiyo Sho: OSADULA. Wa editing wakoyo sadziwa filimu, akalembe ntchito yojambula maukwati. Kaonere Hard Boiled ya John Woo ya 1992, Chow Yun-fat akuwombera mu chipatala atanyamula khanda mkono umodzi, zipolopolo osatha, ndani anaima kuwerenga? Ine ndayendetsa vidiyo sho zaka zambiri, ana ankakhala pa mabenchi kukuwa "ekita safa!" palibe tsiku wina anandifunsa kuti amdala kodi izi ndi zoona. Anthu amalipira kuti aone zimene panja kulibe.

Nachisale: Achimwene funso limodzi, filimu yonse ndi ya black and white ndi mithunzi kuyambira poyamba, kapena ndi scene ya ndewuyo yokha? Chifukwa yankho lagona pamenepo.

Zipolopolo Tiwerenge: Amdala musamunamize mwanayu. John Wick ya 2014 inagunda chifukwa Keanu Reeves amasintha magazini zipolopolo zikatha, amatopa, amavulala. Chad Stahelski anali wa ma stunt mu The Matrix, amadziwa thupi la munthu limagwa bwanji. Anthu pano anachangamuka.

Mdala wa Vidiyo Sho: Kkkk John Wick ndiye ya zoona? Munthu kupha gulu lonse chifukwa cha kagalu, mu part 2 akuvala suti yosalowa chipolopolo, kulipira hotelo ndi ndalama zagolide? Iwe wangokopeka ndi magaziniyo basi. Bodza ndi lomwelo kungoti analipaka mafuta bwino.

Zipolopolo Tiwerenge: Ndiye mwavomera nokha kuti bodza limafuna kupakidwa bwino. Komanso ine si "iwe", ndili ndi ana.

Mayi a Awiri: Nkhani ndi ya msuweniyo apa. Wanga anatenga laputopu akuti ya sukulu, ndinakaipeza ili pa chikole kwa wa katapila. Achibale musamawabwereke zinthu za magetsi ndakuuzani.

Jah Kawale: Chijasi mu Okutobala aise ekita afa ndi thukuta zigawenga zisanamugwire kkkk

Wa Kamera ku Joni: Za mvulayo, ikani getsi kumbuyo kwa madzi osati kutsogolo, apo ayi pa kamera siioneka, mungonyowetsa munthu pachabe. Mu The Third Man ya 1949 ankathira madzi mu misewu ya Vienna dala kuti miyala iziwala usiku, ndi bodza lomwelo koma diso limalandira chifukwa filimu yonse ili choncho, kamera yopendekeka mithunzi italiitali. Anthu 6 achepetseni akhale 3, ndipo ekita amenyedweko.

Mdala wa Vidiyo Sho: Achepetse chifukwa chani? Awonjezere akhale 12! Sin City ya 2005 munthu akugundidwa ndi galimoto kangapo n'kudzuka, magazi oyera, Robert Rodriguez anajambula pafupifupi zonse pa green screen (nsalu yobiriwira kumbuyo, malo ake n'kuikamo pa kompyuta) potsatira ma comic a Frank Miller, palibe anadandaula. Vuto lanu a masiku ano mumaonera filimu foni ili m'manja kusaka zolakwika. Nthawi yathu tepi ikakodwa mu deki tinkaikoka ndi bolopeni anthu akudikira phee, inu mukanatha?

Nachisale: Amdala Sin City yomweyo imakuuza pa mphindi yoyamba kuti dziko lino si lanu, dilesi lofiira pakati pa zakuda ndi zoyera, ndiye zotsatira zonse umangomeza. Koma ngati achimwenewa ayamba ndi masana pa msika, minibasi, azimayi a tomato, kenako mwadzidzidzi chijasi ndi mvula, anthu aseka ngati anasekera bebi wawo. Ndafunsa kale, yonse ili choncho kapena ayi?

Mlaliki Wamng'ono: Achinyamata bwanji osajambula zophunzitsa? Kuphana kokhakokha.

Mdala wa Vidiyo Sho: Abusa pitani ku gulu la kwaya.

Wa Kamera ku Joni: Musaiwale sound. Chibakera chopanda phokoso labwino chimaoneka ngati kusewera, jambulani padera pomenya kabichi kapena pilo. Mukagwiritsa mfuti ya chidole pa msewu dziwitsani apolisi ndi amfumu kaye.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Msuweni uja wawona post iyi, wanditumizira voice note yotukwana akuti tripod inali yothyoka kale, pano mayi akuti ndikapepese ine. Wa editing naye sakuyankha foni.

Nachisale: Koma achimwene black and white ndi yonse kapena?

Mdala wa Vidiyo Sho: Wa editing ameneyo mumusiye, editing yake ndipanga ndine, bola muwonjezere nkhunda ziziuluka poyamba ndewu ngati m'mafilimu a John Woo. Ndili nazo 8 pakhomo.