Gwero la fungo lija m'kalavani ndalipeza

Mwezi watha ndinafunsa za fungo la chuku losatha m'kalavani yanga yogonamo. Ena munati ndione pansi pa matiresi. Zoonadi, thabwa lake linali lonyowa: thupi limatenthetsa pamwamba, pansi pakuzizira, ndiye nthunzi imasanduka madzi.

Koma vuto lalikulu linali padenga. Mphira wa kazenera kapadenga unang'ambika, madzi n'kumatsetsereka mkati mwa khoma mpaka pakona, kuseri kwa kabati. Nditadina ndi chala, khomalo linali lofewa ngati siponji. Kachipangizo koyezera chinyezi kanandithandiza kutsata njira yake yonse.

Ndaika mphira watsopano, ndachotsa thabwa lowola, ndipo ndikuumitsa ndi fani. Zopopera zonunkhira zija ndinangotayirapo ndalama. Kafungo kakadalipo pang'ono, ndiye sabata ino ndiona mapaipi apansi pa sinki.